Tifunseni: Kavalo wa Chiwanda pa Tebulo la Masewera

Makalata amene tasankha mwezi uno achokera ku Harare, ndipo onse akukhudza masewera a nthano ochitira pa tebulo, amene anthu anayi kapena asanu amakhala pansi ndi mapepala, mapensulo ndi madayisi, mmodzi n'kumasimba nkhani pamene enawo akusankha zochita za ngwazi zawo. Odziwika kwambiri mwa masewerawa ndi Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Mafunso onse akuzungulira pa chilombo chimodzi, kavalo wa chiwanda, ndipo tawafupikitsa kuti akwane pa masamba athu.

FUNSO: Akonzi, ndine mnyamata wa ku Highfield, ndipo Loweruka masana ndimayendetsa Dungeons & Dragons kwa anzanga anayi, amene ngwazi zawo zili pa mlingo wachitatu wa mphamvu. Ndinawakonzera kavalo wakuda wa moto uja wotchedwa Nightmare ndikuyembekeza kuti agwidwa nthumanzi, koma anangomuzinga n'kumupha nthawi yomweyo, mpaka mmodzi anandifunsa ngati nkhondoyo yatheradi pomwepo. Kodi ndimuwonjezere mphamvu zochuluka bwanji kuti ulendo wina adzamuope?

YANKHO: Achimwene, musathamangire kumuwonjezera mphamvu, chifukwa chimene chinapha kavalo wanu ndi kuima malo amodzi. M'malamulo a 2014, Nightmare ali ndi Armor Class (nambala imene womenya ayenera kufikapo kuti amulase) ya 13 ndi hit points (nambala ya moyo wake, imene ikatha amafa) 68. Pomenya ndi ziboda mumaphatikiza 6 pa zimene dayisi la mbali 20 lagwa, ndipo akalasa amachotsa pafupifupi 13 ndi kulemera kwa chiboda komanso 7 ndi moto, zonse pamodzi 20. Armor Class ya 13 ndi yotsika, pakuti wankhondo amene amaphatikiza 5 amangofunika kuponya 8 kapena kuposa, kutanthauza kuti amalasa maulendo 13 pa 20 alionse. Anthu anayi akamuzinga, aliyense n'kumachotsako 9 kapena 10 akalasa, 68 ija imatha m'ndime zitatu, ndipo popeza ndime imodzi ya nkhondo ndi masekondi 6, chilombo chimene munachikonzekera sabata yathunthu chinakhala ndi moyo masekondi osafika 20.

Tsono tembenuzani manambala omwewo. Ngwazi ya Armor Class 15 imalasidwa ndi kavaloyu maulendo 12 pa 20, ndipo wamatsenga wa mlingo wachitatu kawirikawiri sapitirira hit points 20, choncho chiboda chimodzi chingathe kumugwetsa. Pa ndime imodzi, pansi kavaloyu amathamanga mapazi 60, omwe ndi pafupifupi mamita 18, pamene munthu amayenda 30 okha. Mumlengalenga amauluka mapazi 90 ngakhale alibe mapiko. Angathe kutsika mapazi 40, kumenya wofooka pagulupo, n'kukweranso mapazi 50 otsalawo, ndipo chimene walipira ndi mpata umodzi woti amene ali pafupi amumenye pochoka. Moto sumuchita kanthu. Alinso ndi mphamvu yotchedwa Ethereal Stride yolowera m'dziko losaoneka, motero akavulala sayenera kudikira imfa. Anthu ambiri amaiwala kuti nzeru zake n'zofanana ndi za munthu wamba, ndiponso kuti amamva chilankhulo cha anthu ngakhale salankhula. Anzanuwo akamapangana mokweza kuti amubisalire kuseri kwa thanthwe, iye akumva. Manyenje ake amawala mapazi 10 mozungulira, ndiye musavutike kumubisa mumdima. Mulekeni aoneke chapatali, kuwala koyenda pamwamba pa mitengo, kumene kukuyandikira pang'onopang'ono usiku uliwonse.

Zimenezi zimupangitsa kukhala wovuta kupha, koma mantha enieni amachokera kwina, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Ambiri a ife tinakulira pakati pa ng'ombe, mbuzi ndi abulu, ndipo kavalo timamudziwira pa kanema. Inu muli ndi mwayi, pakuti ku Harare akavalo alipo: ku mpikisano wa ku Borrowdale Park, ku Mukuvisi Woodlands kumene alendo amakwera poona nyama, ndiponso apolisi ali nawo. Pitani mukaime pafupi ndi mmodzi kwa kanthawi. Mudzaona chinyama cholemera makilogalamu pafupifupi 500, komabe chodzaza ndi mantha, chifukwa kavalo ndi nyama yosakidwa. Maso ake ali m'mbali mwa mutu kuti aziona pafupifupi mbali zonse, kupatula patsogolo penipeni pa mphuno ndi kumbuyo kwa mchira. Makutu ake sakhazikika, lina kuloza kuno lina uko, ndipo akawagoneka chammbuyo ndiye kuti wakwiya. Jumbo ikauluzika ndi mphepo amadzidzimuka. Khungu lake limanjenjemera ntchentche ikatera, mchira uli piku piku osalekeza. Amatha kuwodzera chiimire, amapumira m'mphuno mokha, ndipo nthawi yambiri amakhala mutu uli pansi akudya msipu.

Mukazidziwa zimenezi, muzichotse chimodzichimodzi. Kavalo wanu akhale ndi maso onse awiri kutsogolo, monga mmene alili a mkango. Makutu ake asagwedezeke ngakhale mphezi itang'amba mtengo pambali pake. Ntchentche zisamutere, mchira ungoti lende. Aime pakati pa msipu wobiriwira osawerama n'kamodzi komwe, maso ali pa ana amene akusewera pafupi ndi khola. Apume ndi pakamwa, mano ali pamtunda. Osewera sangathe kutchula chimene chalakwika, koma adzamva m'thupi kuti nyama yothawa yasanduka yosaka. Agiriki akale anaidziwa njira imeneyi, n'chifukwa chake m'nthano zawo, pa ntchito 12 za ngwazi yawo Heracles, yachisanu ndi chitatu inali kukagwira akavalo aakazi a mfumu Diomedes ya ku Thrace, amene ankadya nyama ya anthu. Akavalowo analibe nyanga kapena mapiko, ndipo chakudya chawo chokhacho chinali chokwanira kuwasandutsa zoopsa.

Gwiritsaninso ntchito makutu a osewera. Kavalo akamayenda pang'onopang'ono mgugu wa ziboda zake umagunda kanayi, akamathamanga mwapakatikati umagunda kawiri, ndipo akawonjezera liwiro pang'ono umagunda katatu. Ku Denmark kuli nthano ya Helhest, kavalo wa miyendo itatu amene kuoneka kwake kunkalosera matenda ndi imfa. Bwerekani maganizo amenewo: gogodani pansi pa tebulo katatu, go, go, go, n'kusiya mpata pamene pakanagunda chiboda chachinayi. Chitani zimenezi koyamba popanda kufotokoza kanthu, ndipo patapita mphindi zingapo auzeni za mlonda amene wapezeka atapsa pachipata. Mukadzagogodanso kachiwiri, mudzaona mapensulo akuikidwa pansi.

Chachikulu koposa zonse ndi lamulo. Chilombo chabwino chimakhala ndi lamulo limene osewera angathe kulitulukira ndi nzeru zawo, ndipo chitsanzo chimene ndimachikonda ndi Nuckelavee wa ku zilumba za Orkney, kumpoto kwa Scotland. Anthu a kumeneko ankasimba za kavalo wochokera m'nyanja yamchere, wopanda khungu, moti minofu ndi misempha yoyenda magazi akuda inkaonekera poyera. Pamsana pake panamera thupi la munthu la mikono yofika pansi, ndipo mpweya wake unkafotetsa mbewu ndi kudwalitsa ziweto. Koma chilombo choopsa choterechi sichinkapirira madzi oyenda opanda mchere. Sichinkatuluka mvula ikamagwa, ndipo munthu wothamangitsidwa ankapulumuka akadumpha kamtsinje. Taonani mmene lamulo limodzi limasinthira masewera onse: osewera amayamba kufunsa kuti mtsinje wapafupi uli kuti, adzafikako dzuwa lisanalowe kapena ayi, ndipo ndani atsalire kuti anyamule wovulala.

Lamulo limeneli likukwanira bwino kwambiri m'dziko la nyengo ngati yathu, mwinanso kuposa kwawo komwe, pakuti kuno madzi amatha. Ikani nkhani yanu m'chilimwe. Mu Ogasiti mitsinje ikadali ndi madzi ndipo kavalo ali ndi malire ambiri. Mu Seputembala moto wolusa watentha tchire, timitsinje tating'ono taphwa, ndipo njira zimene zinali zotsekeka zatseguka. Pofika Okutobala, kutentha kuli phuliphuli, madambo auma, patsala maiwe oima amene samuletsa kanthu chifukwa lamulo likunena za madzi oyenda. Jambulani mapu okhala ndi mitsinje isanu, ndipo Loweruka lililonse muzifufuta umodzi osewera akuona. Simunamuwonjezere ngakhale hit point imodzi, koma kavaloyo akukulirakulira sabata ndi sabata. Chiyembekezo chawo chikhale mvula ya chizimalupsa, ndipo funso la nkhani yonse likhale lakuti kodi midzi ipirira mpaka tsiku limenelo, kapena pafunika kumukokera dala pa mtsinje waukulu umene sukuphwa.

Ponena za kumene anachokera, mbiri ya dera lathu lino ili ndi zokwanira. Akavalo ankavutika kukhala moyo m'madera ambiri a kuno chifukwa cha akashembe, ndiponso chifukwa cha matenda a akavalo a mu Africa, amene amafalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, toluma kwambiri madzulo ndi mbandakucha m'nyengo ya mvula. Matendawa angathe kupha akavalo 9 pa 10 alionse amene adwala, ndipo ena amafa thovu likutuluka m'mphuno, pamene mbidzi zimanyamula kachilomboko osadwala. M'zaka za m'ma 1800 kavalo amene wadwala n'kuchira ankagulidwa pa mtengo wokwera kwambiri. Onjezani apo kuti anthu ambiri a kuno anamudziwa kavalo pamodzi ndi mfuti, monga pamene gulu la atsamunda la Pioneer Column linafika pafupi ndi Kopje, kaphiri ka mu Harare, mu Seputembala 1890. Kuchokera pa zoona zimenezi mungapeke dziko lanulanu: gulu la nkhondo lachilendo limene akavalo ake onse anafa m'nyengo imodzi, mtsogoleri wake n'kuchita pangano loipa kuti wake yekha adzuke. Mwini wakeyo anafa kalekale, koma kavalo akusonkhetsabe msonkho m'midzi imene mbuye wake ankasonkhetsa. Ndipo ngati agogo anu anakusimbiranipo mmene anthu ankayendera pansi kuchokera ku Nyasaland, kudzera ku Tete ndi Mutoko, pofuna ntchito m'mafamu ndi m'migodi, muli kale ndi chithunzi cha ulendo wautali wa anthu ochepa, opanda pobisala, amene akuwerenga masiku pakati pa mtsinje ndi mtsinje.

Lamulo la madzi lija musawauze. Aonetseni. Mwachitsanzo, mungawasimbire motere: "Mwafika pamudzi dzuwa litapendeka. Nkhokwe zili zodzaza, koma chimanga chonse chada bii, ndipo mukachigwira chikufumbutuka m'manja. Pabwalo pali zidindo za ziboda, dothi lake louma gwa ndi lofundabe, ndipo zidindozo zikuthera pakati pa bwalo, osapitirira, osabwerera. Kumunsi kwa mudzi agogo ena aima pakati pa kamtsinje, madzi akuwalekeza m'mawondo, atabereka mdzukulu kumbuyo. Miyendo yawo yatuwa ndi kuzizira, koma mukawaitana kuti atuluke akungopukusa mutu." Mukatero khalani chete. Wina pagulupo adzafunsa chifukwa chake agogowo aima m'madzi, ndipo akadzalipeza yekha yankho, adzalisunga kuposa mmene akanachitira mukanamuwerengera. Masabata awiri oyamba asamenyane naye mpaka kumapeto. Nkhondo yomaliza ikadzafika, mukaona kuti akonzekera mokwanira, mungakweze hit points kufika pa 100, koma chimenecho chikhale chomalizira kuchiganizira.

FUNSO: Akonzi, kwathu ku Epworth ndimaona Gule Wamkulu kuyambira ndili mwana, ndipo anzanga amene timasewera nawo, ambiri Achishona, amachita nawo mantha kwambiri. Ndikuganiza zopanga kavalo wanga wa chiwanda mofanana ndi Kasiyamaliro kuti akhale wa kwathu. Kodi pali cholakwika?

YANKHO: Mtima wofuna chilombo cha kwathu ndi wabwino, achimwene, koma njira imeneyi ndikukuletsani. Kasiyamaliro si chiwanda. Ndi chinyau cholemekezeka, cholukidwa m'maonekedwe a nyama ya mtundu wa mphalapala, chimene chimatuluka pa maliro kudzaperekeza mzimu wa womwalira. Gule Wamkulu amavinidwa pa maliro, pa chinamwali ndi polonga mafumu, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linamulengeza kukhala chimodzi mwa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi, pozindikira Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Kaya inuyo munalowa kudambwe kapena ayi, kaya mpingo wanu umagwirizana nazo kapena ayi, zimenezi zili ndi eni ake amene akadali moyo ndipo mumakumana nawo pamsika. Mukudziwanso mmene ana a anthu ochokera ku Malawi akhala akunyozedwera kuno chifukwa cha gule yemweyu. Mukamuika pa tebulo kuti anzanu amubaye ndi malupanga n'kulandira mphotho, mwawatsimikizira zimene ankaganiza kale.

Chimene mungabwereke ndi luso la kafikidwe: ng'oma zimamveka kaye, kenako fumbi, kenako ana kubalalika, ndipo pomaliza penipeni m'pamene maso amaona. Mungaphunzirenso kwa Napolo, amene anthu a ku Zomba ndi Mulanje amamudziwira pa njira imene wadutsa, miyala ndi mitengo itakokoloka kuchokera m'phiri. Nkhani zakale za afiti okwera afisi usiku zimakupatsani funso labwino loti osewera alifufuze, lakuti kodi kavaloyu akukweredwa ndi yani. Pokhapo samalani kuti yankho lisakhale nkhalamba yosauka ya pamudzi, pakuti kuloza okalamba chala cha ufiti kwapweteketsa anthu enieni ambiri, ndipo si chinthu choti achinyamata azichiyeserera ngati chosangalatsa. Wokwerayo akhale munthu wamphamvu amene akupindula ndi mantha a anthu.

FUNSO: Akonzi, ndine mayi wa ku Mufakose ndipo ndimapemphera. M'chikwama cha mwana wanga wa zaka 16 ndinapeza chithunzi cha kavalo wotuluka moto m'mphuno, cholembedwa kuti ndi chiwanda, pamodzi ndi madayisi a maonekedwe achilendo. Iye akuti ndi masewera chabe. Kodi kumeneku si kuitana mizimu yoipa kapena kuyamba juga?

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kufunsa musanatenthe mapepalawo, ndipo nkhawa yanu si yachilendo. M'zaka za m'ma 1980 makolo ndi mipingo yambiri ku America inadandaula chimodzimodzi, mpaka kampani ya TSR, imene inkatulutsa masewerawa pa nthawiyo, inachotsa mayina a ziwanda m'malamulo atsopano a 1989, ngakhale pambuyo pake mayinawo anabwereranso. Ndikufotokozereni zimene zimachitika pa tebulopo. Zili ngati nthano za madzulo zija, wina amati "padangokhala" enanu n'kumavomera kuti "tili tonse", kusiyana kwake n'kwakuti pano omvera ali ndi ufulu wonena zimene munthu wa m'nthanoyo achite. Wina akati ngwazi yake idumpha mtsinje, amaponya dayisi kuti aone ngati yakwanitsa. Madayisiwo, a mbali 4, 6, 8, 10, 12 ndi 20, ndi zida zowerengera mwayi basi. Saombeza ula, sanena za moyo wa munthu weniweni, ndipo malamulo a masewerawa alibe kubetcha ndalama. Mukadzaona ndalama pa tebulo, dziwani kuti ayamba zina, ndipo pamenepo mulowererepo.

Kavalo amene munamuonayo nthawi zambiri amakhala mdani amene anawo akuyesetsa kumugonjetsa kuti apulumutse mudzi. Chithunzi cha kavalo woopsa n'chakale kwambiri kuposa masewerawa. Inu mukudziwa akavalo anayi a pa Chivumbulutso 6, woyera, wofiira, wakuda ndi wotumbuluka, komanso a m'chaputala 9 a mitu yonga ya mikango, otuluka moto, utsi ndi sulufule m'kamwa. Ku India amasimba za Keshi, chiwanda cha maonekedwe a kavalo chimene Krishna, mulungu wa Ahindu, anachipha, ndipo ku Philippines kuli Tikbalang, wa mutu wa kavalo, wosocheretsa apaulendo. Anthu a mitundu yambiri akhala akujambula choipa m'maonekedwe amenewa pofuna kusimba za kulimbana nacho.

Sindikuuzani kuti mutsutse chikumbumtima chanu, chifukwa nyumbayo ndi yanu. Chimene ndikupempha n'chakuti muwaitanire kunyumba kwanu tsiku lina, mukhale pambali ndi kumvetsera kwa ola limodzi. Malamulo oyambira, otchedwa System Reference Document, kampani ya Wizards of the Coast inawapereka kwaulere pa intaneti, ndipo kavaloyu alimo, choncho mwana wanu angathe kukuwerengerani ndime yake yonse. Ngati nkhani ya ziwanda ikukuvutanibe mumtima, muuzeni achotse mbali imeneyo. Kavalo wolusa wobadwira m'phiri la moto amagwira ntchito yomweyo popanda kusintha nambala iliyonse. Zimene ndingakulangizeni kuziyang'anira kwambiri ndi nthawi, kuti masewera a maola anayi asadye nthawi ya sukulu, ndiponso ana aang'ono, chifukwa nkhani yokomera wa zaka 16 ingathe kumulotetsa zoopsa wa zaka 7 amene akumvetsera kuseri kwa chitseko.

FUNSO: Akonzi, ndine mtsikana wa ku Mabvuku ndipo ndine ndimayendetsa masewera pagulu lathu. Mmodzi wa osewera wanenetsa kuti sakufuna kupha kavaloyu koma kumugwira kuti azimukwera. Ndimukanize?

YANKHO: Musamukanize, achemwali, pakuti wosewera amene akufuna chinthu ndi mtima wonse wakupatsani nkhani ya miyezi ingapo. Nthano za ku Scotland zili ndi poyambira. Zimati amene walanda zingwe za m'kamwa za kelpie, kavalo wa m'mitsinje, amamulamulira. Zimanenanso za each-uisge, kavalo wa m'nyanja, amene amakwereka bwinobwino kumtunda, koma akangonunkhiza madzi a nyanja khungu lake limamata wokwerayo n'kukamira naye. Mfundo ziwirizi muziphatikize: pakhale chinthu chogwirika chimene chimapereka ulamuliro, ndipo pakhale nthawi yodziwika imene ulamulirowo umaduka.

Dziwani chimene mukupereka. Wokwera Nightmare amatetezedwa pang'ono ku moto, amauluka mapazi 90, ndipo Ethereal Stride imanyamula kavaloyo pamodzi ndi ena atatu ololera amene ali pafupi naye, kutanthauza kuti gulu la mlingo wachitatu lingathe kudutsa linga lililonse limene mwamanga. N'chifukwa chake pafunika malire omveka, onenedwa poyera zingwezo zisanagwidwe. Kavaloyu si chiweto, ndipo luso losamalira nyama silikhudzana naye. Ali ndi maganizo ake, ndipo ndi oipa. Ine ndingalamule kuti dzuwa likamalowa tsiku lililonse wokwerayo aponye dayisi la mbali 20, aphatikize Charisma yake (nambala ya mphamvu yokopa ena), ndipo afike pa 15. Akafika, kavalo amumvera usiku umenewo. Akalephera, kavalo amupereka kumene wapempha ndithu, koma podzera njira yake, ndipo m'mawa padzapezeka khola lopsa limene eni ake anaona bwino amene anali pamsana. Ethereal Stride igwire ntchito kamodzi pa usiku, ndipo zingwezo zithe mphamvu mvula yoyamba ikazinyowetsa.

Pali njira inanso imene ingakomere wosewera wa mtima wachifundo. Buku la zilombo la 2014 limati Nightmare amapangidwa kuchokera kwa pegasus, kavalo woyera wa mapiko, pomuzunza ndi kumudula mapikowo. Ngati ndi choncho, mapikowo alipo penapake, ndipo pali wina amene akuwasunga. Muloleni wosewerayo aone zipsera ziwiri pa mapewa a kavaloyo pa nthawi imene akumumanga chishalo koyamba, ndipo akafunsa za zipserazo, mumuuze kuti kum'mawa kwa dziko lanu lopekalo kuli wosula zitsulo amene anapanga mpeni umene unadula mapikowo. Mukonzeretu dzina la mudzi umenewo, mtunda wake, ndi mitsinje imene ayenera kuwoloka ndi kavalo amene sawoloka madzi oyenda.